Mlandu wa Ndarama za Mizikiti ku Austria

Mlandu wa ndarama za mizikiti m'dziko la Austria, ku Ulaya, mizu yace iri kutali. M'caka ca 1878 asilikari a Mfumu Franz Joseph analowa m'dziko la Bosnia, m'mene munali Asilamu ambiri, ndipo mu 1908 Mfumuyo inalitenga kukhala lace. Pofuna kuti anthu atsopanowa akhazike mtima pansi, Boma linaika lamulo mu 1912 lobvomereza cipembedzo cao.

Ufumuwo unatha mu 1918, Bosnia nacoka, koma lamulo lija linatsala. Kuyambira mu 1964 anthu a ku Turkey, Asilamu naonso, anadza ambiri kudzagwira nchito, nakhazikika ndi mabanja ao. Thandizo la mapemphero ao linali kucokera kunja. Mzikiti waukuru wa mu Vienna, umene unatsegulidwa mu 1979, unamangidwa ndi mphatso ya Mfumu Faisal ya ku Saudi Arabia. Ndipo Boma la Turkey linali kutumiza aimamu, ndiwo otsogolera mapemphero, ndi kuwalipira.

Apa ndipo panabuka mtsutso. Nduna Sebastian Kurz ndi anzace anaopa kuti mlaliki wodya za mfumu yakutali adzamvera mfumu yomweyo. Iwo anafuna aimamu ophunzira m'dzikomo, odziwa Cijeremani. Asilamu ambiri anadandaula kuti mipingo yina ilandira thandizo lakunja popanda woiletsa: nanga iwo okha analakwanji?

Pa 25 February 1915 panalibe woganiza za mlandu wotere. Koma pa 25 February 2015 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano. Linalola mphatso yoperekedwa kamodzi, koma linaletsa kuti ndarama zoyendetsera mzikiti masiku onse zicokere kunja. Linatsimikizanso kuti Asilamu a m'cipatala, m'ndende ndi m'gulu la nkhondo azicezeredwa ndi alaliki ao.

Mu June 2018 Boma linalengeza kuti lidzatseka mizikiti 7 ndi kufufuza aimamu olipidwa ndi Turkey, kuti opezeka olakwa acotsedwe m'dziko. Aimamu ena anakadandaula ku Bwalo Lalikuru losunga malamulo a dziko, koma mu March 2019 oweruza anagamula kuti ciletsoco ciri colungama.

Cotero lamulo la 1912 linapatsa Asilamu malo m'dziko, ndipo la 2015 linawasenzetsa katundu wace: malipiro a imamu acokere m'matumba a iwo amene apemphera kumbuyo kwace.