Jakisoni wa “mafuta” a m'bondo kwa odwala nyamakazi: mitundu yake, mphamvu zake ndi zoopsa zake

Munthu amene bondo lake limalira akamadzuka pamphasa, kapena limauma m'mawa n'kuyamba kumasuka akayendako pang'ono, kawirikawiri amanena kuti mafuta a m'bondo anatha. Choncho akamva kuti kuli jakisoni wobwezeretsa mafutawo, zimamveka zanzeru, ndipo mabanja ena amasonkherana madola kuti agogo akabayitse. Tsamba lino likufotokoza mitundu ya jakisoni ameneyu, zimene kafukufuku wapeza poyerekeza mitunduyo, ndiponso zimene muyenera kuuza dokotala singano isanalowe m'bondo.

Talemba poganizira makamaka anthu okhala ku Hopley, kum'mwera kwa mzinda wa Harare, kumene anthu ambiri anayamba kukhala mu 2005 atagwetseredwa nyumba pa nthawi ya Operation Murambatsvina. Kumeneko makomo ambiri amadalira mijigo ndi zitsime, ndipo chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Mayi wachikulire akachisenza kangapo pa tsiku, kenako n'kuyenda mtunda kukakwera kombi, bondo lodwala silipuma.

Nyamakazi imene tikunena pano

Mawu akuti nyamakazi amatanthauza matenda angapo. Imene tikunena pano ndi ya kuperepeseka kwa molumikizana mafupa, imene madokotala amaitchula kuti osteoarthritis. Chichereweche chosalala chimene chimakuta kumapeto kwa mafupa chimapyapyala pang'onopang'ono, fupa limamera timinga m'mbali, ndipo nthawi zina bondo limatupa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa. Ambiri mwa iwo ndi amayi ndiponso anthu opitirira zaka 55, ndipo bondo ndi limene limagwidwa kwambiri.

M'bondo labwinobwino mumakhala timadzi tonanda tosakwana supuni yaing'ono. Chimene chimatinanditsa ndi hyaluronic acid, imene thupi limapanga lokha. Si mafuta enieni ngati a m'makina, koma pa tsamba lino tizingoti mafuta chifukwa ndi mmene anthu amanenera.

Mitundu ya mafuta obaya

Hyaluronic acid anaitulukira mu 1934 akatswiri awiri, Karl Meyer ndi John Palmer, a pa yunivesite ya Columbia ku New York, pofufuza diso la ng'ombe. Poyamba ankabaya mahatchi a mpikisano. Kwa anthu, jakisoniyu anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Japan ndi ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1997.

Masiku ano mayina ndi ambiri, koma kusiyana kwake kuli pa zinthu zitatu: kumene mankhwalawo achokera, kukhuthala kwake, ndi kuchuluka kwa maulendo obayitsa. Hyalgan ndi Supartz amapangidwa kuchokera ku kanyama kofiira ka pamutu pa tambala, ndipo amabayidwa kamodzi pa mlungu kwa milungu itatu mpaka isanu. Synvisc nayenso amachokera kwa tambala, koma anamukonza kuti akhale wokhuthala kwambiri. Amabayidwa katatu, ndipo mtundu wake wotchedwa Synvisc-One amabayidwa kamodzi kokha. Euflexxa ndi Durolane sachokera ku nkhuku, amapangidwa pogwiritsa ntchito mabakiteriya m'fakitale. Woyambayo amabayidwa katatu, wachiwiriyo kamodzi.

Kampani iliyonse imatamanda wake. Ina imati wokhuthala amakhalitsa m'bondo, ina imati wopanda nkhuku ndi woyera. Funso la wodwala ndi limodzi: kodi pali amene amachepetsa ululu kuposa mnzake? Ku Switzerland anachita kafukufuku woyankha funso lomweli, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007. Odwala 660 anagawidwa m'magulu atatu. Ena analandira wokhuthala uja, ena wamba wochokera kwa tambala, ena wochokera ku mabakiteriya. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, ululu unali wofanana m'magulu onse. Kusiyana kunali kwakuti wokhuthalayo anali wokwera mtengo, ndipo anthu amene anamulandira ankatupa bondo kawirikawiri kuposa anzawo.

Ndiye ngati wina akuuzani kuti jakisoni wake ndi wamphamvu chifukwa ndi wodula, umboni wodalirika wa zimenezo palibe. Ubwino weniweni wa wobaya kamodzi ndi wakuti mumalipira ulendo umodzi wokha wopita m'tauni, ndipo singano imalowa m'bondo kamodzi.

Kodi mafutawa amathandizadi?

Apa m'pamene pagona nkhani, chifukwa kuyerekeza mayina kulibe phindu ngati onsewo sathandiza kwenikweni. Kuti adziwe zoona, ofufuza amabaya odwala ena mankhwala enieni, ena madzi amchere okha, popanda wodwala kudziwa chimene walandira. Chodabwitsa n'chakuti olandira madzi amchere nawonso amati apezako bwino, nthawi zina kwa miyezi. Zifukwa zake n'zingapo: nyamakazi imeneyi imakula n'kutsika yokha, anthu amapita kukabayitsa ululu ukafika pachimake, dokotala nthawi zina amayamba wapopa madzi otupitsa bondo, ndiponso chiyembekezo cha munthu chimachepetsadi ululu. N'chifukwa chake umboni wa mnansi wanu wakuti anachira atabayitsa, ngakhale akunena zoona, sutiuza ngati anam'thandiza ndi mankhwalawo.

Mu 2022 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku amene anasonkhanitsa zofufuza 169 za anthu opitirira 21,000. Atasankha zofufuza 24 zikuluzikulu zoyerekeza mafutawa ndi jakisoni wopanda mankhwala, anapeza kuti pa muyeso wa ululu woyambira 0 mpaka 100, mafutawa anaposa ndi 2 yokha. Kuti wodwala amve kusiyana pamafunika pafupifupi 9. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mavuto aakulu, monga ofunika kugonekedwa m'chipatala, anachitikira anthu 3.7 pa 100 alionse olandira mafuta, poyerekeza ndi 2.5 pa 100 alionse a gulu linalo. Kafukufuku wina wa mu 2012, wosonkhanitsa zofufuza 89, anali atapeza kale zofanana ndi zimenezi.

Potsatira umboniwu, bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linanena mu 2022 kuti odwala nyamakazi asapatsidwe jakisoni wa mafutawa. Bungwe la madokotala a mafupa ku America la AAOS nalonso sililimbikitsa kum'gwiritsa ntchito mwachizolowezi. Kunena chilungamo, si onse amene amagwirizana nazo. Bungwe lofufuza za nyamakazi la OARSI mu 2019 linati jakisoniyu angayesedwe kwa odwala ena a bondo, ndipo madokotala ena amaona kuti amathandizako anthu amene matenda awo sanafike patali. Koma palibe mtundu ndi umodzi womwe umene unasonyezedwa kuti umameretsanso chichereweche, ndipo mafuta obayawo thupi limawachotsa m'bondo pa masiku kapena milungu yochepa. Pa chiuno, malangizo a akatswiri a nyamakazi ku America a mu 2019 amaletsa mwamphamvu.

Kwa banja limene likusankha pakati pa jakisoni wolipira ndi madola kuchipatala chapulaiveti, ndi lendi kapena fizi ya mwana, ife tikuona kuti phindu laling'ono chonchi silikwanira mtengo wake.

Jakisoni wa steroid

Uyu si mafuta ayi, koma odwala ambiri amawasokoneza, ndipo ndi amene amapezeka mosavuta komanso motchipa. Mankhwala monga triamcinolone ndi methylprednisolone amaziziritsa kutupa, ndipo ululu umatsika pa masiku ochepa. Mpumulowo ndi weniweni koma waufupi: NICE imati milungu iwiri mpaka khumi. Ndi wothandiza bondo likatupa kwambiri moti munthu akulephera kugona, kapena kuti apeze mpata woyamba masewera olimbitsa mwendo.

Vuto limabwera pobwereza. Kafukufuku wa ku Boston wofalitsidwa mu 2017 anatsatira odwala 140 kwa zaka ziwiri. Theka ankabayidwa triamcinolone miyezi itatu iliyonse, theka madzi amchere. Pamapeto pake ululu unali wofanana, koma olandira steroid chichereweche chawo chinali chitapyapyala kuposa cha anzawo. Choncho jakisoniyu ndi wa pa nthawi yovuta, si wa pa kalendala.

Pali zinthu zitatu zimene anthu a kuno ayenera kusamala nazo kwambiri. Choyamba ndi shuga: steroid amakweza shuga m'magazi kwa masiku angapo, ndipo odwala shuga ayenera kuyezetsa pafupipafupi m'masiku amenewo. Chachiwiri ndi ma ARV. Ngati mankhwala amene mumamwa ali ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir wophatikiza ndi ritonavir amene amaperekedwa mankhwala oyamba akasiya kugwira ntchito, thupi limalephera kuchotsa triamcinolone. Jakisoni mmodzi yekha angachititse kuti nkhope itupe, thupi linenepe modabwitsa, BP ndi shuga zikwere, ndipo vutoli limatha miyezi. Musasiye kumwa ma ARV chifukwa cha zimenezi. Tengani buku lanu la kuchipatala, dokotala aone dzina la mankhwalawo asanasankhe jakisoni. Chachitatu ndi TB. Chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa ndi mawondo, ndipo bondo limodzi lotupa kwa miyezi mwa munthu amene akuwonda kapena kutuluka thukuta usiku liyenera kuyezedwa kaye. Steroid akabayidwa m'bondo limene muli tizilombo, matendawo amakula msanga.

Palinso jakisoni wotchedwa PRP, wopangidwa kuchokera ku magazi a wodwala yemweyo, amene zipatala zina zapulaiveti zimatsatsa. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 2021, wa odwala 288, anapeza kuti patatha chaka sanapose madzi amchere.

Ngati mwasankha kubayitsa

Jakisoni aliyense wolowa m'bondo angalowetsemo tizilombo. Sizichitika kawirikawiri akamabaya munthu wodziwa ntchito pamalo aukhondo, koma zikachitika bondo lingawonongeke pa masiku ochepa. Choncho musalole kubayidwa kunyumba kapena ndi munthu wogulitsa mankhwala m'misewu. Ku Zimbabwe mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe, ndipo muli ndi ufulu wofunsa dzina la chimene akukubayani, kuona bokosi lake ndi tsiku limene mphamvu yake ikutha. Funsaninso mtengo wa maulendo onse pamodzi, osati wa jakisoni woyamba yekha. Uzani dokotala ngati thupi lanu limadana ndi mazira kapena nkhuku, ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ndiponso ngati muli ndi chilonda kapena chithupsa pafupi ndi bondo.

Mukabayitsa, pumitsani bondo kwa masiku awiri. Ana kapena adzukulu atunge madzi masiku amenewo. Kupweteka pang'ono ndi kutupa kwa tsiku limodzi kapena awiri si zachilendo, ndipo kuthowa ndi nsalu yozizira kumathandiza. Koma bondo likatupa kwambiri, likatentha, mukamalephera kupondera pansi kapena mukamva malungo m'thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mafuta okhuthala nthawi zina amabweretsa kutupa koopsa kofanana ndi kwa tizilombo, ndipo kusiyanitsa kwake kumafuna kuti dokotala apope madzi a m'bondo n'kuwayeza. Anthu a ku Hopley angayambire ku kiliniki ya Tariro, kumene anamwino amatha kutumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha Sally Mugabe, chimene ambiri amangoti ku Gomo, kapena ku Parirenyatwa.

Zimene zimathandiza popanda singano

Mu 2020 kafukufuku wa odwala 156 ku America anayerekeza jakisoni wa steroid ndi masewera ophunzitsidwa ndi a fiziyo. Patatha chaka, a masewerawo ululu unali wochepa ndipo ankayenda bwino kuposa obayidwa. Cholinga chake n'kulimbitsa minofu ya pantchafu, imene imanyamula katundu m'malo mwa bondo. Khalani pampando, wongolani mwendo, ugwireni choncho mukuwerenga mpaka 5, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Chitani kakhumi mwendo uliwonse, kawiri pa tsiku. Kudzuka pampando n'kukhalanso popanda kugwira ndi manja kumagwira ntchito yomweyo. Masiku oyamba bondo limadandaula, koma ululu wochepa wotha pa tsiku limodzi si chizindikiro chakuti mukuliwononga.

Kwa onenepa, kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, katundu wofika pabondo pa sitepe iliyonse amatsika ndi makilogalamu pafupifupi anayi. Masamu omwewo amagwiranso pa chigubu cha madzi: kutunga malita 10 kawiri, kapena kukankha pa wilibala, n'kopepukira bondo kuposa kusenza malita 20 kamodzi. Ndodo yoyendera igwidwe m'dzanja la mbali imene sikupweteka. Pa mankhwala, yambani ndi opaka monga diclofenac. Mapiritsi a ibuprofen kapena diclofenac akamwedwa tsiku ndi tsiku angawononge impso ndi kubweretsa zilonda za m'mimba, makamaka kwa okalamba, odwala BP ndi omwa ma ARV okhala ndi tenofovir, choncho funsani kaye namwino musanagule mapaketi a mwezi wathunthu.