Chinkhanira cha kumwamba ndi mapulaneti ake

Scorpius, kapena kuti Chinkhanira, ndi limodzi mwa magulu 12 a nyenyezi otchedwa zodiac, omwe dzuwa limaoneka ngati likudutsamo pa chaka. Magulu ambiri safanana ndi maina awo, koma ili ndi chinkhanira ndithu: mutu, thupi ndi mchira wopindika wokhala ndi mbola kunsonga.

Ku Lilongwe gululi limaoneka bwino madzulo a mu Juni ndi Julayi, pamene limakwera mpaka pafupifupi paliwombo, chakummwera pang'ono. Wokhala ku Kawale, Biwi kapena Mgona amalimbana ndi kuwala kwa mababu ndi utsi wa mbaula, choncho usiku umene magetsi azima ndi umene mchira wonse umaonekera, utagona mu Mlalang'amba. Kumalekezero a Chinsapo ndi Area 25, komwe mdima ndi wochuluka, kuli bwinoko.

Pamtima pa Chinkhanira pali Antares, nyenyezi yofiirira imene kukula kwake m'mimba mwake kumaposa dzuwa kambirimbiri. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 550 kuti kutifike. Koma ngakhale ndi yotchuka chotere, palibe pulaneti limene lapezeka likuizungulira. Mapulaneti ambiri odziwika ali pa nyenyezi zimene diso silingazione.

Chakumchira kuli Gliese 667, banja la nyenyezi zitatu lomwe kuwala kwake kumatenga zaka zosakwana 24 kuti kufike kuno. Yaing'ono mwa zitatuzi, Gliese 667 C, ili ndi mapulaneti awiri otsimikizika. Lina limaizungulira m'masiku 7 okha, ndipo n'lotentha kwambiri. Linalo, Gliese 667 Cc, lomwe linalengezedwa mu 2011, limatenga masiku 28, ndipo limalemera pafupifupi kanayi kuposa dziko lathu. Lili pa mtunda umene madzi angathe kukhala osauma ndi osaundana, n'chifukwa chake akatswiri amalitchula pokamba za moyo kunja kwa dziko lino. Palibe analijambula. Chipangizo cha HARPS ku La Silla, m'dziko la Chile, chinangoyeza kugwedezeka kwa nyenyeziyo pamene pulanetilo likuikoka. Njirayi imanyenga nthawi zina: mu 2013 ofufuza ena anati mapulanetiwa ndi 6 kapena 7, koma kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti zizindikiro zinazo zinkachokera m'kutakataka kwa nyenyezi yeniyeniyo.

Pafupi ndi Antares pali chigulu cha nyenyezi chotchedwa M4, momwe muli PSR B1620-26 b, pulaneti la zaka pafupifupi 12.7 biliyoni, lozungulira nyenyezi ziwiri zimene zinatha kale moto. Dziko lathu lili ndi zaka 4.5 biliyoni.

Olosera za m'tsogolo ndi nyenyezi amati wobadwa kuyambira pa 23 Okotobala mpaka pa 21 Novembala ndi wa Scorpio. Kumwambako dzuwa limakhala m'malire a Chinkhanira sabata imodzi yokha, kumapeto kwa Novembala.