Mbiri ya Mankhwala Oteteza Mayi ndi Mwana ku HIV

Pokambirana sewero la pa wailesi lija, amayi ambiri anafunsa kuti mankhwala amene amapatsidwa ku sikelo anachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani ayenera kumwa moyo wawo wonse. Yankho lili m'mbiri ya mankhwalawa.

Matenda a Edzi anadziwika koyamba ku America mu 1981, ndipo kuno ku Malawi wodwala woyamba anapezeka mu 1985. Nthawi imeneyo kunalibe mankhwala. Mu 1987 dziko la America linavomereza AZT, mankhwala omwe anapangidwa kale mu 1964 poyesa kuchiza khansa. Odwala ankamwa maola anayi aliwonse, usana ndi usiku, ndipo mtengo wake unali pafupifupi madola 10,000 pachaka. Vuto lina linali loti kachirombo kankawazolowera, iwo n'kusiya kugwira ntchito.

Nkhani yabwino kwa amayi inamveka mu 1994. Kafukufuku wa ku America ndi France anaonetsa kuti mayi akalandira AZT ali woyembekezera ndi pobereka, khanda n'kumwetsedwanso kwa masabata 6, ana otenga kachirombo amatsika kuchoka pa 25 kufika pa 8 mwa ana 100 aliwonse. Mu 1996 madokotala analengeza kuti kuphatikiza mitundu itatu ya mankhwala kumafooketsa kachirombo kwambiri. Koma ife kuno tinkangomva, chifukwa ndalama zake zinali zosafikirika.

Mu 1999, pa chipatala cha Mulago ku Uganda, anapeza njira yotsika mtengo. Mayi ankamwa nevirapine kamodzi matenda akayamba, mwana n'kumwetsedwa pasanathe masiku atatu atabadwa. Ana otenga kachirombo anachepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi AZT womwa masiku ochepa. Komabe njirayi siinkasamalira thanzi la mayi mwiniwake, ndipo siinkateteza mwana miyezi yonse yoyamwa.

Mitengo itatsika, boma la Malawi linayamba kugawa ma ARV kwaulere mu 2004. Kuti munthu ayambe kumwa, ankayenera kukhala atadwala kapena chitetezo cha m'thupi chitatsika, koma makina oyezera chitetezocho anali m'zipatala zochepa. Choncho mu 2011 dziko lathu linakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko yotchedwa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe mankhwala nthawi yomweyo, osadzasiyanso. Mu 2013 bungwe la World Health Organization linaika njirayi m'malangizo ake, ndipo mayiko ambiri anatengera kuno. Kuyambira mu 2019, ambiri anasinthidwira ku piritsi limodzi patsiku lokhala ndi dolutegravir.

Amayi, mbiriyi ikutiphunzitsa kuti mankhwalawa sachotseratu kachirombo m'thupi. Amangokaletsa kuswana. Mukamadumphitsa masiku, kamachulukanso m'magazi ndi mu mkaka wa m'mawere, ndipo kangathe kuwazolowera monga kanachitira ndi AZT. Imwani tsiku lililonse nthawi yofanana, osagawana ndi munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Iwonso abwere adzayezetse. Berekerani ku chipatala, ndipo mwana akayezedwe magazi pa masabata 6, miyezi 12 ndi miyezi 24. Mankhwala akakuvutani m'thupi, musawasiye. Kaonaneni ndi anamwino msanga.