Kuchoka pa njinga ya mlangizi kufika pa WhatsApp

Msewu wochoka mumzinda wa Lilongwe kupita ku Mitundu umadutsa kufupi ndi Bunda, sukulu yomwe yakhala ikusula alangizi ndi akatswiri a zaulimi kuyambira cha m'ma 1960. Komabe mlimi wa mtedza woyandikana ndi sukuluyi, yemwe phiri la Bunda amaliona tsiku ndi tsiku akamalima, kwa zaka zambiri nzeru za m'makalasi amenewo zinkamufika mochedwa, zitakwera njinga ya mlangizi.

Mu 1968 boma, ndi ngongole ya World Bank, linayambitsa chitukuko chachikulu cha Lilongwe Land Development Programme. Chigwa cha Lilongwe chinalambulidwa misewu, kunakumbidwa mijigo, ndipo alangizi anachuluka. Ngongole ya feteleza ndi mbewu inkadzera m'makalabu, mlangizi n'kumayang'anira kabwezedwe kake. Inali nthawi ya achikumbe ndi magazini ya Za Achikumbi. Za mtengo panalibe zokambirana: ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, ndiyo inkagula, pa mtengo woikidwa ndi boma.

Zinthu zinatembenuka mu 1987 pamene amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi. Apa m'pomwe zinayamba kuchuluka bizinesi zazing'ono zomwe zadzaza pa Mitundu ndi pa Nathenje lero: wa sikelo m'mbali mwa msewu, wa chigayo, wa ngolo, wogulitsa mbewu ndi mankhwala m'kagolosale. Ufulu unabwera, koma alangizi a boma anayamba kuchepa, mpaka mmodzi kumayembekezeka kufikira mabanja oposa 1,500. Mlimi akaona masamba a mtedza akufota ndi kadukutu, wofunsa wapafupi anakhala wa m'golosale uja, munthu amene nayenso akufuna katundu wake atuluke. Sindikunena kuti onse ndi achinyengo, ayi. Ambiri sanaphunzirepo za matenda a mbewu, ndipo akhala akugwira ntchito ya mlangizi popanda wowathandiza.

Kenako kunabwera foni. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM n'kutsatira mu 2013, ndipo wogula soya pa Nathenje anasiya kuyenda ndi mpukutu wa ndalama m'minibasi. Nambala ya 321 inalola munthu kuimba n'kumvera uthenga wa zaulimi m'Chichewa. Vuto lake linali lakuti uthengawo unali wojambuliratu. Unkamva zomwe anakukonzera, osati yankho la funso lako.

Ichi n'chimene chasintha posachedwapa. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, kompyuta inayamba kuyankha funso lililonse monga momwe munthu walifunsira. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera mu Malichi 2023, chaka chomwenso dzimbiri linawononga soya m'minda yambiri, bungwe la Opportunity International linakonza pulogalamu ya nzeru za makina (AI) yotchedwa Ulangizi. Inayesedwa koyambirira kwa 2024 ndi anthu pafupifupi 150, ndipo mudzi wa Ndodo, kummwera kwa mzinda wa Lilongwe, ndi amodzi mwa malo omwe inafikako. Imagwira ntchito pa WhatsApp. Munthu amalemba kapena kulankhula funso lake m'Chichewa, kapenanso kutumiza chithunzi cha tsamba lodwala, ndipo yankho limachokera m'buku la malangizo a Unduna wa Zaulimi, lomwe linalembedwa m'Chingerezi. Buku lomwe kale linkangokhala pa shelefu ku ofesi ya zaulimi layamba kuyankha m'chinenero cha mlimi.

Chimene chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi chakuti munthu wapakati sanachoke. Alimi ambiri m'midzi yozungulira Mitundu ali ndi foni zamabatani, ena alibiretu. Choncho foni yamakono imakhala m'manja mwa mlimi mnzawo wophunzitsidwa, amene amayendera magulu, kufunsa m'malo mwawo, kuwerenga yankho mokweza ndi kulimasulira. Iye ndiye amadziwa kuti munda wa mayi uje ndi wamchenga, kuti wa bambo uje wadzaza kaufiti, ndiponso kuti kuwauza kuti agule mankhwala n'kutaya nthawi chifukwa ndalama alibe. Makina sadziwa zimenezo pokhapokha atauzidwa.

Kwa kalabu, kopaletivu kapena kagolosale ka zipangizo zaulimi, phindu lake likuonekeratu. Funso la kathiridwe ka mankhwala a nankafumbwe m'thumba la makilogalamu 50, la katemera wa chitopa, kapena la kaumitsidwe ka mtedza kuti usagwire chuku, lomwe linkadikira tsiku lomwe mlangizi adzabwere, likhoza kuyankhidwa kasitomala ataima pomwepo. Mlembi wa gulu angathenso kuthandizidwa kulemba kalata yopita kwa wogula wa ku Kanengo.

Koma tisadzinamize. AI imalakwitsa, ndipo imalakwitsa molimba mtima, mopanda chibwibwi chomwe chimakuchenjeza kuti munthu akungopeka. Chichewa chake nthawi zina chimapotoka, chifukwa zolembedwa za chinenero chathu pa intaneti n'zochepa. Mlimi wa ekala imodzi akapatsidwa langizo lolakwika, nyengo yonse yapita, ndipo banja ligona ndi njala. N'chifukwa chake ndikuona kuti alangizi a boma ndi aphunzitsi a ku yunivesite ya LUANAR, yomwe Bunda ili pansi pake tsopano, ayenera kumaunika mayankhowa nthawi ndi nthawi ndi kumakonzanso bukulo likakalamba.

Palinso vuto la bandulo ndi netiweki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, foni yamakono inatalikiranso kwa munthu wakumudzi. Ndipo funso lomwe limasowetsa tulo mlimi m'mwezi wa Meyi, loti soya wake agulitse lero kwa venda kapena asunge mpaka Okutobala, yankho lake mulibe m'buku la Unduna. Kuti makina adzaliyankhe, pakufunika wina woti azilemba mitengo ya pa Mitundu ndi pa Nathenje tsiku lililonse la msika, moona mtima, ndipo pakufunikanso womulipira munthu ameneyo.