Chisankho cha Pulezidenti cha 2009 ku Malawi

Chisankho cha pa 19 Meyi 2009 chinali chachinayi chiyambireni ndale za zipani zambiri mu 1994. Anthu anavotera pulezidenti ndi aphungu 193 a Nyumba ya Malamulo basi, poti ndime zokhazikitsa nyumba ya Seneti zinachotsedwa m'malamulo a dziko mu 2001 isanayambe n'komwe kugwira ntchito. Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo, anateteza mpando wake.

Bingu analowa m'boma mu 2004 pa tikiti ya UDF, koma mu 2005 anasemphana ndi pulezidenti wakale Bakili Muluzi n'kuyambitsa chipani cha DPP. Zaka zotsatira analamulira ali ndi aphungu ochepa, ndipo mkangano wa Gawo 65 la malamulo a dziko, lokhudza aphungu osintha chipani, unkachedwetsa bajeti. Chimene chinamukweza pakati pa alimi ndi makuponi a feteleza wotsika mtengo, omwe anayamba mu 2005. M'madera ngati kwa Changata ku Thyolo, kumene minda ya tiyi inatenga malo ambiri ndipo banja limadalira kamunda kakang'ono ndi ganyu wothyola tiyi, matumba awiri a feteleza ankasiyanitsa chaka cha njala ndi chaka chokolola.

Muluzi ankafuna kuimanso, koma bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lotsogozedwa ndi Justice Anastasia Msosa, linamukana chifukwa anali atalamulira kale materemu awiri, ndipo khoti linagwirizana nazo. Choncho UDF inathandiza John Tembo wa MCP, yemwe anaima ndi Brown Mpinganjira. Bingu anaima ndi Joyce Banda. Opikisana onse analipo asanu ndi awiri.

Bingu anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, Tembo pafupifupi 30, ndipo DPP inatenga mipando yoposa 110. Kupambana ku Thyolo sikunadabwitse munthu. Mng'ono wa Bingu, Peter Mutharika, anatenga mpando wa Thyolo East. Chachilendo chinali chakuti Bingu anapambananso kumpoto ndi m'maboma ena a chigawo chapakati, m'dziko limene anthu anazolowera kuvotera wakwawo.

Tembo anakana zotsatira, koma Bingu analumbiritsidwa pa 22 Meyi pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Teremuyo sanaimalize: anamwalira pa 5 Epulo 2012, n'kuikidwa pa famu yake ya Ndata ku Thyolo, ndipo Joyce Banda anatenga utsogoleri monga mwa malamulo.