Malire a mabwalo a milandu ku Ireland: amawaika ndani, ndipo n'chifukwa chiyani amautsa mkangano ku Dublin?

Munthu akaimbidwa mlandu waung'ono ku Ireland, kapena akafuna kusumira mnzake pa ngongole, sasankha yekha bwalo loti apiteko. Chimene chimamulozera njira ndi malire a zigawo za mabwalo, potengera komwe mlandu udapalamulidwa kapena komwe wosumiridwayo amakhala. Malirewo akasuntha, ulendo wa mboni, wa apolisi ndi wa mayi wofuna chitetezo kwa mwamuna wankhanza umatalika kapena kufupika.

Ireland ilibe maboma a m'zigawo okhala ndi mabwalo awoawo monga zilili ku United States, komwe nyumba ya malamulo ya Congress ndiyo imaika malire a zigawo 94 za mabwalo a boma lalikulu. Dongosolo la ku Ireland ndi limodzi m'dziko lonse, ndipo maziko ake ndi lamulo la Courts of Justice Act la mu 1924, lomwe lidakhazikitsa District Court, Circuit Court, High Court ndi Supreme Court. Bwalo la apilo la Court of Appeal lidabwera mu 2014.

Mabwalo awiri apansi ndiwo ali ndi malire. Circuit Court idagawidwa m'zigawo 8, ndipo Dublin ndi Cork chilichonse ndi chigawo pachokha. District Court, yomwe imazenga milandu yambiri kuposa bwalo lina lililonse, ili ndi zigawo zoposa 20, chachikulu pa ntchito chikhala Dublin Metropolitan District. Bwaloli limamva milandu ya pamsewu, milandu ing'onoing'ono ya upandu, nkhani zina za m'banja, ndi madandaulo a ndalama zosapitirira mayuro 15,000. Kwa anthu ambiri, ndi bwalo lokhalo lomwe adzalowemo moyo wawo wonse.

Kale mphamvu zosintha malirewa zidali m'manja mwa nduna ya zachilungamo. Lamulo la mu 1998 lidazipereka ku Courts Service, bungwe loyendetsa mabwalo lomwe lidayamba ntchito mu 1999. Tsopano bungweli likhoza kuphatikiza madera kapena kusintha malo ozengera milandu, litafunsa kaye maganizo a mkulu wa oweruza a District Court.

Bungweli lidapeza malo ozengera milandu oposa 200, ena a iwo maholo obwereka omwe woweruza ankafikako kamodzi pamwezi, opanda chipinda chosungiramo akaidi ngakhale choti loya alankhulane ndi munthu wake mwachinsinsi. Ntchito yophatikiza idayamba pang'onopang'ono, koma idathamanga chuma chitagwa mu 2008 ndipo dzikoli litalandira ngongole yadzidzidzi kuchokera ku European Union ndi IMF mu 2010. Lero malowo sakwana 100. Mbali ya bungweli ndi yomveka: bwalo limodzi lomangidwa bwino limazenga milandu yambiri pa ndalama zochepa. Koma zimene boma limapulumutsa sizisowa. Gawo lina limasanduka ndalama ya basi ndi tsiku lotayika la munthu wamba, ndipo zimenezi sizilembedwa m'mabuku a bungwe.

Ku Dublin nkhaniyi idaonekera mbali zonse ziwiri. Mu 2010 kudatsegulidwa nyumba ya Criminal Courts of Justice pa Parkgate Street, pafupi ndi Phoenix Park, yokhala ndi zipinda 22 zozengera milandu. Idasonkhanitsa milandu ya upandu yomwe inkamvedwa m'nyumba zomwazikana kuzungulira Four Courts, nyumba yakale ya m'mphepete mwa mtsinje wa Liffey, ndipo idathetsa chizolowezi choyendetsa akaidi omangidwa maunyolo pamaso pa anthu.

Zidavuta mu 2014, pomwe Courts Service idapereka ganizo lotseka mabwalo a ku Tallaght, Dún Laoghaire, Swords ndi Balbriggan, n'kusamutsira milandu yake pakati pa mzinda ndi ku Blanchardstown. Pamapu mitundayi imaoneka yaifupi. Komabe Balbriggan ili pa mtunda wa makilomita oposa 30 kumpoto kwa mzinda, ndipo Tallaght ndi dera la anthu ochuluka, ambiri a iwo opeza movutikira. Maloya ndi aphungu a m'maderawo adatsutsa, ponena kuti apolisi azithera tsiku panjira m'malo molondera, ndipo oimbidwa milandu osauka azilephera kufika n'kutulutsiridwa zikalata zowamanga. Ganizolo lidaimitsidwa. Amalawi amene amayenda ulendo wautali kukafika ku High Court ya ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu sangadabwe ndi madandaulo otere.

Mapu sadakhazikikebe. Mu 2023 komiti ya boma younika chiwerengero cha oweruza idalangiza kuti awonjezeredwe ndi 44, poti Ireland ili m'gulu la maiko a ku Ulaya okhala ndi oweruza ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Idalangizanso kuti zigawo za District Court zikonzedwenso zikhale zazikulu, kuti oweruza azitha kugawana ntchito. Kenako lamulo la Family Courts Act la mu 2024 lidakhazikitsa nthambi za nkhani za m'banja m'mabwalo atatu, zomwe zidzakhale ndi zigawo zawozawo ndi oweruza odziwa bwino nkhanizi. Apa funso lakale likubweranso, chifukwa ukadaulo wotere umafuna kusonkhanitsa milandu m'malo ochepa.

Mumzinda wa Dublin milandu yambiri ya m'banja ya District Court imamvedwa ku Dolphin House, nyumba yomwe kale idali hotela m'dera la Temple Bar, komwe wodandaula ndi womudandaulira amadikira mopanikizana m'makonde amodzi. Boma lidakonza zomanga nyumba yatsopano ya mabwalo a za m'banja pa Hammond Lane, pafupi ndi Four Courts, koma ntchitoyi yachedwa kwa zaka zambiri.