Malumo Opinda Akale ndi Mitengo Yake

Lumo lopinda ndi mpeni wometera ndevu umene chitsulo chake chimapindikira m'kati mwa chigwiriro chake ukatha ntchito. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Ulaya ndi ku America ankameta ndi lumo lotereli, ena paokha kunyumba, ena kwa wometa. Malumowa anapangidwa miyandamiyanda, ndipo ambiri mwa otsala lero amagulitsidwa motchipa m'misika ya zinthu zakale. Koma alipo owerengeka amene anthu amalimbirana pa okushoni mpaka mtengo kufika madola mazana angapo, ena kupitirira chikwi. Zaka zokha sizikweza mtengo. Chimene chimawerengedwa ndi dzina la wopanga, chigwiriro, ndiponso, koposa zonse, kuchuluka kwa chitsulo chimene chatsala pa lumolo.

Mbiri ya ntchito yopanga malumowa inayambira kwenikweni ku Sheffield, kumpoto kwa England. Mzindawu uli ndi mitsinje isanu, Don, Sheaf, Rivelin, Loxley ndi Porter, imene inkazunguza miyala yonolera, ndipo chitsulo chabwino chinkachokera ku Sweden. Mu 1624 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe la osula mipeni lotchedwa Company of Cutlers in Hallamshire, limene linkalembera mmisiri aliyense chizindikiro chakechake. Cha m'ma 1740 Benjamin Huntsman, amene anali wokonza mawotchi, anapeza njira yosungunulira chitsulo m'miphika yadothi kuti chituluke chofanana paliponse. Osula a ku Sheffield poyamba anachikana ati n'cholimba kwambiri, ndipo amene anayamba kuchigula anali Afalansa. Pambuyo pake mzindawu unachilandira, ndipo malumo anayamba kudindidwa mawu akuti Cast Steel. Cha m'ma 1820 Michael Faraday ndi James Stodart anayesa kusakaniza chitsulo ndi siliva, ndipo opanga malumo anathamangira kudinda Silver Steel, ngakhale kuti mawuwa posachedwa anangosanduka okopera ogula.

Lumo limodzi linkadutsa m'manja mwa amisiri angapo: wosula, wonola, wowumitsa chitsulo pamoto, ndi woika chigwiriro. Ntchito yoopsa inali ya wonola. Ankakhala atawerama tsiku lonse pa mwala wozungulira, ndipo gawo lina la ntchitoyo linkachitika pa mwala wouma, wopanda madzi. Fumbi la mwala ndi la chitsulo linkalowa m'mapapo, ndipo madokotala a mumzindawo, monga Arnold Knight ndi Calvert Holland, analemba kuti ambiri onola pouma ankafa asanakwanitse zaka 40. Mayina a anthu amenewa sali pa malumo. Amene alipo ndi a eni mafakitale: Joseph Rodgers & Sons, amene chizindikiro chawo chinali nyenyezi ndi mtanda, George Wostenholm wa I*XL, William Greaves, ndi Wade & Butcher, amene katundu wawo wambiri ankapita ku America.

Wosonkhanitsa malumo wodziwa ntchito yake amayamba kuyang'ana pakhosi pa lumo, pamene chala chimagwira, chifukwa ndi pamene pali zidindo. Zilembo GR zokhala ndi chisoti chachifumu kawirikawiri zimaloza nthawi ya George IV, amene analamulira kuyambira 1820 mpaka 1830. WR ndi William IV, mpaka 1837. VR ndi Victoria. Lamulo la msonkho la McKinley la 1890 linafuna kuti katundu wolowa mu United States azilembedwa dziko limene wachokera, choncho lumo lolembedwa Sheffield yekha, popanda England, nthawi zambiri ndi la chaka cha 1891 chisanafike. Muyezo umenewu si wodalirika kotheratu, chifukwa malumo ogulitsidwa ku Britain komweko lamulolo silinkawakhudza. Kamchira kotsegulira lumo nakonso kamathandiza: pa malumo akale kwambiri n'kakafupi, kongoti tong'o, ndipo kanayamba kutalika m'kati mwa zaka za m'ma 1800.

Malumo oyambirira a ku Sheffield anali olemera, okhuthala kumsana n'kumapyapyala molunjika mpaka kokuthwa. Kenaka onola anayamba kufukula mbali zonse ziwiri kuti chitsulo chikhale chopyapyala, ndipo pa luso limeneli mzinda wa Solingen ku Germany unapambana, makamaka Carl Friedrich Ern atabweretsa makina a miyala iwiri onola mbali zonse nthawi imodzi mu 1893. Lumo lofukulidwa bwino limalira pometa, ndipo kulinola sikuvuta. Mizinda ina inali ndi mayina ake: Thiers ku France, kumene Thiers-Issard inayamba mu 1884, ndi Eskilstuna ku Sweden, kwawo kwa C.V. Heljestrand.

Amene anagwetsa malonda onsewa ndi King C. Gillette, ndi kalezala kake kotaya kakabuntha. Mu 1903 anangogulitsa zometera 51 ndi malezala 168, koma pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse asilikali a ku America anapatsidwa zometera zake mamiliyoni, ndipo atabwerera kwawo sanafunenso za mwala wonolera ndi lamba wopukutira lumo. Lumo lopinda linatsala m'manja mwa ometa okha, kenaka m'madilowa.

Kusowa kwa malumo abwino kunabwera ndi ntchito yawo yomwe. Lumo linkapukutidwa pa lamba wachikopa tsiku lililonse, ndipo likabuntha linkagonekedwa pa mwala, msana ndi kokuthwa zonse zikukhudza mwalawo. Kunola kulikonse kunkadya kachitsulo. Patapita zaka makumi atatu, kumsana kunkaoneka mzere wophwatalala wonyezimira, lumo linkachepa m'lifupi, ndipo ngati mwini wake ankakanikiza mbali imodzi, kunsonga kunkatha msanga kusiyana ndi kutsinde. Ogula amayeza m'lifupi mwa lumo m'magawo asanu ndi atatu a inchi. La 5/8, pafupifupi mamilimita 16, ndiye lofala. La 8/8, inchi yathunthu, ndi losowa, chifukwa linapangidwa lochepa ndipo ambiri otere anali a ometa amene ankawanola kosalekeza. N'chifukwa chake lumo lalikulu la Wade & Butcher lolembedwa For Barbers Use, likapezeka lisanadyeke, limaposa kutali pa mtengo mnzake wa fakitale yomweyo ndi zaka zomwezo amene anagwira ntchito mpaka kutha. Dzimbiri nalo silikhululuka. Likadya kumsana, lumo limachira. Likabowola timaenje kokuthwa, ndiye kuti latha ntchito.

Chigwiriro chili ndi msika wake. Malumo wamba anali ndi nyanga ya ng'ombe kapena fupa. A anthu olemera anali ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja yamchere, zigoba zonyezimira za nkhono, kapena mnyanga wa njovu. Sheffield inkadya minyanga yambiri, ndipo gawo lalikulu linkachokera ku Africa. M'zaka za m'ma 1800 minyanga ya m'madera ozungulira nyanja ya Malawi inali m'gulu la imene inkasenzedwa kupita ku Kilwa ndi ku Zanzibar, n'kukakwera zombo. Lero chigwiriro cha mnyanga chimakweza mtengo komanso chimatseka misika. Pangano la CITES linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, ndipo ku Britain lamulo la 2018, limene linayamba kugwira ntchito mu 2022, limaletsa kugulitsa pafupifupi chilichonse cha mnyanga kupatula zochepa zololedwa. Kuyambira cha m'ma 1870 kunabwera celluloid, pulasitiki yoyambirira, imene ankaiumba m'maonekedwe a mbalame, maluwa ndi anthu. Pali osonkhanitsa amene amangofuna zigwiriro zimenezi basi, chitsulo alibe nacho ntchito. Vuto lake n'lakuti celluloid ikakalamba imawola n'kumatulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitsulo chimene chapindidwa m'kati mwake, ngakhalenso malumo oyandikana nalo m'bokosi.

Ogula ali m'magulu awiri, ndipo mtengo umakwera kwambiri pamene onse afuna chinthu chimodzi. Ena amasunga malumo m'magalasi. Ena amameta nawo. Gulu lachiwirili lakula m'zaka za intaneti, ndipo ndilo lachititsa kuti malumo ena osakalamba kwenikweni adule kuposa a nthawi ya Victoria. Filarmonica wa José Monserrat Pou wa ku Spain, makamaka nambala 14, ndi wa m'zaka za m'ma 1900, koma fakitale yake inatsekedwa ndipo ometa amamutama, choncho amene sanagwirepo ntchito, ali m'kabokosi kake, amalimbiranidwa. Chimodzimodzi malumo a banja la Iwasaki la ku Sanjo ku Japan, makamaka osulidwa ndi tamahagane, chitsulo cha malupanga. Bokosi la malumo asanu ndi awiri, lililonse lolembedwa tsiku la pa sabata kumsana, limadula ngati onse alipo ndipo ndi ofanana. Limodzi likasowa, mtengo wa otsalawo umatsika kwambiri.

Kukonza lumo lakale n'kumene kumagawanitsa magulu awiriwa. Wometa amafuna lonyezimira, la chigwiriro chatsopano cholimba. Wosunga amaona kuti kupukuta ndi makina kumafufuta zojambula zagolide ndi zilembo zosaya, ndipo kusintha chigwiriro kumachotsa umboni wa zaka zake. Iye amayang'ana timisomali tolumikiza chigwiriro: tikaoneka tatsopano pa nyanga yakale, kapena chidindo chikasemphana ndi kapangidwe ka kamchira, amadziwa kuti lumolo ndi lolumikiza kuchokera ku malumo awiri, ndipo amatsitsa mtengo.